Ulendo wa ku Benga: Chigayo, Ndege ndi Makutu a Munthu

Mwezi wa Okutobala chaka cha 2024 ndidalandira uthenga wochokera kwa mlongo wanga amene adakwatiwa ku Benga, m'boma la Nkhotakota. Uthengawo udati mwana wake wachisamba wabwera kudzapuma, ndipo ali ndi nkhani yofuna maganizo a atsibweni ake. Aŵerengi anzanga, inu nomwe mukudziŵa kuti mnyamata wa zaka 27 akaitanitsa atsibweni, nkhani yake imakhala imodzi basi. Tsono ndidachapitsa jekete langa, ndipo usiku wonse ndinali kusanja mawu oyenera kukalankhula kwa eni mbeta. Sindidadziŵe kuti chimene andiitanira ndi makutu.

Kuchokera ku Lilongwe tidatsika zitunda za ku Salima dzuŵa lisanakwere, ndipo pa Kaphatenga tidakhotera kumpoto, kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja umene amautcha M5. Masiku amenewo msewuwo unali kukonzedwa, kotero kuti malo ambiri tinali kuyenda m'tinjira tapambali, fumbi lili koboo, mazenera otseka, thukuta lili kamukamu. Tidapitirira Khombedza ndi Thavite pakati pa milambe ndi mitengo ya mango yolemedwa ndi zipatso zosapsa. Kumadzulo phiri la Ntchisi linali kuoneka mwachizimezime chifukwa cha utsi wa lupsa. Nyanja yokha siioneka pamsewu umenewu. Munthu amangoimva m'mphuno, minibasi ikaima ndipo amayi ogulitsa nsomba akathamangira pa zenera.

Benga ndi malo a malonda otambalala mbali zonse ziŵiri za msewu: magolosale, mabenchi a tomato, ziŵaya za tchipisi, njinga zamoto za kabaza zondanda pansi pa mtengo. Anthu a kuno amadya nsima ya kondowole ndi ya chimanga, mpunga amalima m'madambo, ndiwo amapha m'nyanja. Koma chimene chidandilonjera nditangotsika ndi phokoso. Uku chigayo chili kugunda, uko mmisiri ali kudula zitsulo, pagolosale zokuzira mawu zili kupikisana ndi za mnzake wa kutsidya la msewu. Ine ndidatseka khutu ndi chala, koma eni ake anali kungoyenda ngati palibe kanthu.

Alamu anga ndidawapeza pakhonde. Ndidati, "Zikomo alamu, tafika," koma iwo adangoyang'ana kumsewu mpaka mthunzi wanga udawagwera pamapazi. Munthu ameneyu adayamba ntchito ya pachigayo ali mnyamata, adasunga ndalama nagula chigayo chakechake cha dizilo, ndipo zaka zoposa 30 adaima pambali pa injini imeneyo kuyambira m'bandakucha mpaka kachisisira. Chigayocho chidaphunzitsa ana asanu, komanso chidatenga msonkho wake. Lero ukafuna kulankhula nawo uyenera kuima patsogolo pawo kuti aziona milomo yako, ndipo usiku, pamene mudzi wonse uli zii, iwo amati m'makutu mwawo mumalira nyenje zosaleka.

Mphwanga amene adandiitana uja ndi woyendetsa ndege. Adakaphunzira ku South Africa ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino, kuwonjezera pa zimene chigayo cha bambo wake chidatha kupereka. Sayendetsa zikuluzikulu zopita ku Johannesburg ayi, koma tindege ta injini imodzi ta mtundu wa Cessna, tonyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kupita ku chilumba cha Likoma ndi ku nkhalango za nyama. Ulendo wa ku Likoma, umene pa sitima ya Ilala munthu amatopa nawo, iye amautha pa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Adandiuza kuti kukacha bwino, akangodutsa phiri la Ntchisi amaona madzi a Chia akunyezimira patsogolo, ndipo amadziŵa kuti amayi ake ali kunsi kwa phiko la kumanja.

Titatha kudya, adayala mphasa natulutsa m'chikwama zinthu zitatu.

"Atsibweni," adatero, "ndalama ndili nazo zogulira chimodzi chokha. Ndithandizeni kusankha."

Ndidayang'ana mlongo wanga, ndipo iye adayang'ana kumbali akuseka. Jekete langa lija ndidalivula mwakachetechete.

Zinthuzo zinali mahediseti, zija oyendetsa ndege amavala kumutu zokhala ndi kamtengo ka maikolofoni kofika pamlomo. Yoyamba inali yobiriŵira, yolemera pafupifupi theka la kilogalamu, yopangidwa ndi kampani ya David Clark ya ku America. Imeneyi ndiyo adaphunzirira, ndipo adaigula kwa munthu wina itatha kale. Ilibe matsenga ena alionse: imangopana mutu ndi mbale ziŵiri zophimba makutu, monga umo munthu amatsekera makutu ndi zikhatho. Yachiŵiri inali yakuda, yofeŵa, yopepukirapo, ya kampani ya Bose, yokhala ndi kabokosi ka mabatire aŵiri pa chingwe chake. Yachitatu sindidaizindikire n'komwe kuti ndi hediseti: kawaya kopinda kodzera kunkhongo, ndi timasiponji tiŵiri tonga nsonga za chala cha mwana, toloŵetsa m'kati mwenimweni mwa khutu. Ziŵiri zomalizazi adachita kubwereka kwa anzake a pantchito kuti aziyese.

Ndisanayankhe ndidafunsa chimene inunso mukadafunsa: kodi kanthu kovala kumutu n'koitanira munthu wamkulu ulendo wa fumbi wotere? Iye sadakwiye. Adandifotokozera kuti akatswiri amayesa phokoso ndi muyeso wotchedwa madesibelo. Anthu aŵiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa 60. Phokoso likafika pa 85, khutu limatha kupirira maola 8 pa tsiku, ndipo ukangowonjezerapo 3, nthaŵi imeneyo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 100 mphindi 15 zokha. M'kati mwa kandege ka injini imodzi, momwe injini ndi pulopela zili pafupi ndi mawondo a woyendetsa, phokoso kaŵirikaŵiri limakhala pakati pa 90 ndi 100. Ndipo iye masiku ena amakhala m'menemo maola anayi kapena asanu.

M'kati mwa khutu, adapitiriza, muli kachiŵalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 15,000. Phokoso lalikulu limatiyoyola pang'onopang'ono, popanda kupweteka, popanda magazi, ndipo kakafa kamodzi sikameranso. Timene timayamba kufa ndi tomvera mawu ang'onoang'ono osongoka, monga s, f ndi t. N'chifukwa chake munthu wotere amamva kuti wina akulankhula, koma osatola chimene akunena. Apa adatsitsa mawu, ngakhale panalibe chifukwa chotsitsira, nati, "Ndi zimene zidawachitikira abambo."

Kwa woyendetsa ndege, khutu ndilo khasu lake. Ali m'mwamba amalankhula pa wailesi ndi anthu a pa nsanja ya bwalo la ndege ndiponso ndi ndege zinzake, zonse m'Chingerezi, ndipo zambiri zimakhala manambala: akwere kufika pati, alunjike kuti, atere mbali iti. Kumva 5 pamene wina wanena 9 si nkhani yoseketsa. Komanso chaka ndi chaka amapita kwa dokotala kukapimidwa, ndipo makutu ali m'gulu la zopimidwazo. Akalephera, chiphaso chake chimakhala pa chiswe, ndipo ana anayi a mlongo wanga otsalawo amene akuyang'ana kwa iye angayang'ane kwa yani? Pamenepo ndidaleka kuseka.

M'maŵa mwake tidakwera kabaza kutsikira kunyanja. Chaka chimenecho madzi adakwera kwambiri, nameza mchenga wa m'madooko ambiri, ndipo asodzi adachita kusamutsira kumtunda mathandala oyanikira usipa. Mwera unali utaleka, nyanja ili bata. Mabwato a injini anali atangobwerako kumene, ndipo ndidaona kuti anyamata ogwira chiwongolero, amene amakhala usiku wonse khutu lili pa injini, anali kulankhulana mofuula ngakhale adayandikana.

Mphwanga adatola miyala iŵiri naiponya m'madzi motalikirana pang'ono. Mafunde a mwala uwu ndi a mwala uwo adathamanga nakumana pakati. "Taonani apo, atsibweni. Pamene msana wa funde lina wakumana ndi chigwa cha funde linzake, madzi amakhala see, ngati sadagwedezeke." Adati mawu nawonso ndi mafunde, koma a mumpweya. M'kati mwa hediseti yakuda ija muli timaikolofoni tomvera phokoso la injini, ndipo nthaŵi yomweyo makina ake amapanga funde lotsutsana nalo, chigwa pamene pali msana, msana pamene pali chigwa. Mafunde aŵiriwo amaphana asadafike pa khutu, koma mawu a pa wailesi amadutsa osakhudzidwa. Ine ndidaganiza za amene amazimitsa moto wa lupsa poyatsa moto wina kutsogolo kwake.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mjeremani wina, Paul Lueg, adailembetsa m'zaka za m'ma 1930, koma makina oti aichite mofulumira kunalibe. Mu 1978 mphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, Amar Bose, adakwera ndege kuchokera ku Ulaya kubwerera ku Boston, ndipo atalephera kumva nyimbo chifukwa cha phokoso la injini, adatenga pepala nayamba masamu ali m'ndege momwemo. Mu Disembala 1986 Dick Rutan ndi Jeana Yeager adazungulira dziko lonse lapansi masiku 9 osatera, osathira mafuta, m'ndege yotchedwa Voyager, atapanikizika pakati pa injini ziŵiri, ndipo kumutu adavala mahediseti oyeserera a kampani ya Bose. Mu 1989 kampaniyo idayamba kuwagulitsa kwa oyendetsa ndege.

Masana adanditengera ku chigayo cha bambo wake, chimene tsopano chimayendetsedwa ndi mnyamata wantchito, woyera mbuu ndi ufa kuyambira tsitsi mpaka zala za kumapazi. Adandiveka yakuda ija injini ili kugunda, natobwanya kabatani. Ha! Aŵerengi, sindinama: kugunda kuja kumene ndinali kukumva mpaka m'chifuwa kudangoti zii, ngati munthu watseka chitseko cha nyumba ya njerwa. Kudatsala kokha kulira kosongoka kwa nyundo zophwanya chimanga, kumveka chapatali. Ndidayang'ana lamba wa injini kuti ndione ngati akuzungulirabe. Kenaka adazimitsa kabatani kaja, ndipo phokoso lidandigweranso ngati khoma.

Atatero adapotokola timasiponji tija pakati pa zala mpaka tidaonda, adandikoka khutu m'mwamba, naloŵetsa, nandiuza kuti ndidikire kufikira titatupa. Phokoso lidazilala pang'onopang'ono monga madzi akamaphwa m'dambo. Apa kulira kosongoka kuja ndiko kudachepa koposa, koma kugunda kwa injini kudatsalako ndithu, ngakhale kosavutitsa. Ndipo mutu wanga unali wopepuka, mphepo ikupita m'mbali mwa makutu.

Pobwerera kunyumba tidatsutsana njira yonse. Iye mtima wake unali pa yakuda. Adati phokoso la Cessna ndi logunda lomwelija, lonenepa, ndipo ndilo limene makina ophana mafunde amalithetsa bwino koposa. Munthu akauluka nayo tsiku lonse amatera mutu uli bwino, osatopa. Amangoivala kamodzi n'kwi, pamene timasiponji timafuna nthaŵi ndi zala zoyera, ndipo woyendetsa kandege kotere amakhala atangogwira kumene mafuta ndi oilo poyendera ndege yake isananyamuke. Timasiponjito timada ndi phula la m'khutu, timatha msanga, ndipo tatsopano take n'tochita kuitanitsa kunja. Ena makutu awo satilola n'komwe, amayamba kuyabwa kapena kutupa.

Ine ndidaima pa mtengo, monga achitira anthu a msinkhu wanga. Yakudayo ndi yopitirira madola 1,000, ndipo popeza kwacha idagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndalama imeneyo pa mtengo wa ku banki inali yoposa K1,700,000. Yoloŵetsa m'khutu inali pafupifupi theka lake. Ndidafunsanso za mabatire. Adavomera kuti aŵiri abwino amatha maola 40 kapena kuposerapo, koma amene timagula m'magolosale mwathu muno ena amafa tsiku lomwelo, ndipo mabatire akathera m'mwamba, yakudayo imatchinga phokoso moperewera kusiyana ndi yobiriŵira yakale ija, chifukwa siipana mutu kwenikweni. Adavomeranso kuti miyendo ya magalasi a dzuŵa, amene woyendetsa ndege sangauluke popanda iwo pamwamba pa nyanja yonyezimira, imatukula khushoni la pakhutu ndi kusiya mpata woloŵera phokoso.

Panali chinanso chimene chidandivuta. Alamu anga kale ankadziŵa kuti injini yadwala pongoimvera, asadaitsegule n'komwe, ndipo msodzi aliyense wa pa Benga amachita chimodzimodzi. Nanga munthu amene wazimitsa kulira kwa injini yake ali pakati pa nyanja, adzamva bwanji ikayamba kutsokomola? Mphwanga adati funso limenelo si la kumudzi kokha: mu 2007 bungwe loyang'anira za ndege ku America, la FAA, lidachenjeza eni ndege kuti aziyesa mahediseti otere, kuopa kuti angabise mabelu ochenjeza ndi kulira kwachilendo. Koma iye m'kuyesa kwake adapeza kuti kugunda kukachoka, kusintha kwa injini kumamveka bwino kuposa kale. Apo ndidagonja, iye ndiye amauluka, ine ayi.

Tidafika pakhomo osamvana. Alamu anga anali kutiyang'ana milomo, ndipo adafunsa chimene tikulimbirana. Mwana wawo adagwada patsogolo pawo nafotokoza pang'onopang'ono, akuonetsa ichi ndi icho. Iwo sadanene kanthu. Adanyamuka naloŵa m'nyumba, ndipo patapita nthaŵi adatuluka atanyamula chinthu chofiira chofumbira, pulasitiki yake itang'ambika, m'kati mwake muli ulusi wa kangaude. Zinali zotchingira makutu za anthu a m'mafakitale.

"Izi ndidagula pamodzi ndi injini ija," adatero ndi liwu lawo lokwera, la munthu amene sadzimva. "Zinali zabwino. Ndidavala sabata imodzi. Kutentha kwa kuno ukukudziŵa iwe. Thukuta linkadzaza m'makutu, mutu kuŵaŵa. Ndidati ndizivala kukazizira. Ndidazikoloŵeka pa msomali." Adaziika pamphasa pambali pa zinzake zija. "Usandiuze kuti yabwino ndi iti. Ndiuze imene sudzaivula."

Mphwanga adakhala chete nthaŵi yaitali. Kenaka adaulula chimene sadandiuze ine njira yonse ija. Tindege take tilibe makina oziziritsa mpweya, ndipo miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndege ikakhala padzuŵa pa bwalo la Likoma masana, m'kati mwake mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Masabata aŵiri amene adayesa yakuda ija adadzipeza yekha akutukula mbale imodzi kuti apukute thukuta, injini ili kulira, ndipo tsiku lina adaisiya choncho pamwamba pa khutu mpaka ndege idakwera kufika kozizira. Yobiriŵira ija ndiye ankaitero kaŵirikaŵiri. Koma masabata amene adayesa timasiponji, adati, tsiku lina adatsika m'ndege nayenda mpaka pa mthunzi asadakumbuke kuti tili m'makutu.

Sindikunena kuti aliyense woyendetsa ndege atsate zomwezi. Mnzake amene adamubwereka yakudayo wauluka nayo zaka zambiri mosangalala, ndipo amene makutu ake sagwirizana ndi siponji alibe kuchitira mwina. Koma mphwanga adasankha yoloŵetsa m'khutu, nati adzaitanitsa timasiponji ta chaka chathunthu nthaŵi imodzi, adzayenda ndi kansalu kopukutira zala, ndipo yobiriŵira yakale ija idzakhala m'chikwama kudikira tsiku la tsoka. Ine ndidangovomereza, ngakhale kunena zoona mlandu udaweruzidwa ndi alamu anga, ndipo atsibweni adangokhala mboni.

Mlongo wanga ndiye adafunsa za mnyamata wa kuchigayo. Timasiponji wamba totsekera makutu, topanda waya ndi maikolofoni, timapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira m'tauni pa mtengo wochepa, ndipo mphwanga anali nato tingapo m'chikwama togaŵira alendo ake. Adapita nato madzulo omwewo, namuphunzitsa kupotokola, kukoka khutu ndi kudikira. Mnyamatayo adaseka, nati azimayi akamadzanena kuti ufa ukhale wosalala adzawamva bwanji. Alamu anga, amene adatitsatira pambuyo, adamuuza kuti aziyang'ana milomo, poti iwo adaphunzira mochedwa ndipo iye aphunzire msanga.

Usiku womaliza, tisadalongedze yakuda ija kuti ibwerere kwa mwini wake, mphwanga adailumikiza ku foni ya amayi ake, pakuti mahediseti a masiku ano amatha kutero popanda chingwe. Adawaveka bambo wake, adakweza mawu mpaka pamapeto, natuluka kukaima kuseli kwa nkhokwe ndi foni yake. Kuyambira pamene adapita ku South Africa, aŵiriŵa anali asadalankhulanepo pa foni. Uthenga wonse unkadzera kwa amayi. Tidamva foni ikuitana, mlongo wanga adayankha, ndipo tidaona alamu anga akuŵeramitsa mutu, dzanja lili pa mbale ya kukhutu.

"Ee," adatero. "Ee, ndakumva. Bwerezanso pang'onopang'ono." Adamvetsera. "Ayi, mbuzi ija sitidagulitse. Ili ndi ana aŵiri."

Adacheza mphindi khumi za mbuzi, za mtengo wa dizilo ndi za denga la khitchini lofuna udzu mvula isanagwe. Mlongo wanga adaloŵa m'nyumba, akuti kukaona madzi pamoto.

Kutacha ndidavala jekete langa, ndidakwera minibasi yoloŵera ku Salima, ndipo kondakitala atatsegula wailesi mpaka pamapeto, ndidapisa m'thumba ndi kutulutsa timasiponji tiŵiri timene mphwanga adandipatsa potsazikana.